Kuphika biti ya hip hop ndi kaseti, mikisa yakale ndi VCR kuno kuchigwa cha Shire

Biti yophikidwa yonse mu pulogalamu ya pa kompyuta ya FL Studio imatuluka yoyera mbee, koma nthawi zambiri imakhala yowonda. Kick ndi snare zimamveka chilichonse payekha, hi-hat imalasa m'khutu, ndipo 808, bezi yotsika kwambiri yomwe imagwedeza mutu pa mahedifoni, imasowa nyimbo ikafika pa sipika ya foni. Zida zakale za analog zimathandiza pa mavuto atatu onsewa. Zimalephera kubweza mawu ndendende momwe alowera, ndipo kulephera kumeneku ndi komwe tikukufuna, bola ukhale iwe woyendetsa mlingo wake.

Anthu akamakamba za kamvekedwe ka hip hop ya ku New York ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1990 amatchula E-mu SP-1200 ya 1987 ndi Akai MPC60 ya 1988. Makina awiriwa ndi a digito, a 12-bit. SP-1200 inkajambula pa 26.04 kHz ndipo inkasunga masekondi 10 okha. Analog inali m'ma filter a potulukira mawu, mu mikisa ndi pa tepi yomwe nyimbo inkathera. Lero makina amenewa amagulitsidwa madola masauzande angapo, choncho musataye nthawi kuwalota. Kukhakhala kwa 12-bit mutha kukupeza ndi bitcrusher, kapulogalamu ka mu kompyuta kochepetsa ma bit. Gawo la analog ndilo limafuna chitsulo chenicheni, ndipo chitsulocho chilipo: ma deck a kaseti ali mbwee kwa okonza mawailesi ku Nchalo, Ngabu, Bangula ndi pa Nsanje boma, mamikisa otopa ali m'masitolo a matchalitchi, ma VCR anatsala kwa omwe ankaonetsa kanema.

Kusankha deck

Funani deck ya hi-fi yokhala ndi mabowo a RCA olembedwa Line In ndi Line Out, kachotembenuza ka Rec Level, ndi ma mita awiri. Wailesi ya kaseti yonyamula m'manja imadzisinthira yokha mlingo wojambulira, ndiye kick ikagunda china chilichonse chimatsika. Imeneyo ndi yoseweretsa pa sample imodzi (kachidutswa ka mawu ojambulidwa koika mu biti), osati yogwirira ntchito tsiku ndi tsiku. Deck ya mbali ziwiri yokopera matepi imagwira, koma ya mbali imodzi kawirikawiri imayendetsa tepi mokhazikika. Mukaona yolembedwa 3 Head, gulani osanenerera kwambiri. Chifukwa chake tichiona kutsogoloku. Portastudio ya Tascam, monga 424, ndi mwayi waukulu: ili ndi ma track anayi, mikisa yakeyake, ndipo imathamangitsa tepi pa masentimita 9.5 pa sekondi, kuwirikiza kawiri liwiro la 4.76 la deck wamba.

Musanalowetse pulagi pakhoma werengani kumbuyo. Magetsi athu ndi 230V pa 50 Hz. Katundu wambiri wakale wochokera ku Japan ndi wa 100V, wa ku America ndi wa 120V, ndipo mukamulumikiza molunjika thiransifoma yam'kati imapsa pompo. Wotereyu amafuna thiransifoma yotsitsa magetsi. Ya mawati 50 kapena 100 imakwanira deck imodzi. Makina ena ali ndi kaswitchi kosankhira magetsi kumbuyo, onani kuti kali pa 220 kapena 240.

Poyesa tengani mahedifoni, tepi yabwino, ndi foni yokhala ndi kamvekedwe kamodzi kosasintha ka 3000 Hz. Jambulani masekondi 30, bwezani, mverani. Kakamagwedera pang'ono zedi, deck ili bwino. Kakamakwera ndi kutsika momveka, lamba watha kapena pinch roller, kagudumu ka labala kopanikiza tepi, yauma. Zonsezi zimakonzeka. Chosakonzeka ndi head (kachitsulo kolemba ndi kuwerenga mawu pa tepi) yodyeka: yendetsani chikhadabo pamwamba pake, mukamva kakhwawa komwe tepi yakumba, isiyeni deckyo, pokhapokha mukufuna zitsulo zake.

Kutentha, fumbi ndi madzi

Malangizo ambiri a pa intaneti amalembedwa ndi anthu okhala kozizira. Kuno Okutobala ndi Novembala amapitirira madigiri 40, ndipo m'chipinda cha malata chopanda siling'i mumatentha koposa apo. Malamba a labala amasungunuka n'kusanduka phula lakuda lomata pa mapule. Ma capacitor a electrolytic amauma, ndipo akatswiri a zamagetsi amawerengera kuti madigiri 10 aliwonse owonjezera amadula moyo wawo ndi theka. Choncho musaunjike makina pamwamba pa anzawo, makamaka pamwamba pa amp. Siyani mpata wa masentimita 10 pamwamba pa chilichonse, lozetsani fani kumbuyo kwake, ndipo ntchito ya tepi muziigwira m'mamawa kapena usiku. Kaseti yosiyidwa pawindo kapena m'galimoto masana imapindika ndipo siibwereranso.

Lamba akasungunuka, palani phulalo ndi kamtengo, pukutani mapule ndi alcohol wa isopropyl mpaka thonje lituluke loyera. Kukula kwa lamba watsopano mumakupeza pozunguliza ulusi m'njira yomwe wakale ankadutsa, n'kuchotsapo pafupifupi 5 pa 100 iliyonse. Wa pa flywheel amakhala wafulati, ena ang'onoang'ono amakhala a makona anayi. Labala womangira ndalama amazungulitsa makina masiku ochepa, koma amagwedeza mawu ndipo amaduka. Head, capstan (kamtanda kachitsulo kozungulira kokoka tepi) ndi njira yonse ya tepi muzipukuta ndi kathonje konyowetsa ndi isopropyl ya 90 kupita m'mwamba pakatha maola 10 aliwonse ogwira ntchito. Spiriti yofiirira ya m'golosale imasiya utoto, musaigwiritse ntchito. Pinch roller imafuna kansalu konyowa ndi madzi a sopo pang'ono, chifukwa alcohol wa pafupipafupi amaumitsa labala. Mafuta ndi kadontho kamodzi ka mafuta a makina osokera pa bering'i ya capstan, osafika pomwe tepi imakhudza.

Omwe muli pafupi ndi minda ya nzimbe ku Nchalo mukulidziwa phulusa lakuda lomwe limagwa akamatentha nzimbe. Limalowa m'ma fader ndi m'zotembenuza n'kuyambitsa kuthetheka. Vindikirani makina ndi nsalu mukazimitsa, osati pulasitiki, poti pulasitiki imasunga chinyezi nthawi ya dzinja ndipo nkhungu imamera pa matepi. Mphemvu ndi nalimata zimakonda kutentha kwa thiransifoma, ndiye tsegulani chivindikiro miyezi itatu iliyonse muone, pulagi itachotsedwa.

Za madzi sitifunika kukumbutsana. Namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 anationetsa pomwe madzi amafika. Makina azikhala pa shelefu yokwera, osati pansi. Ngati alowa madzi, cholakwika chachikulu ndi kuwayatsa kuti muone ngati akugwirabe. Tsegulani, tsukani matope ndi madzi oyera, tsirizani ndi madzi a batire osathira asidi, umitsani pamthunzi podutsa mphepo kwa sabata kapena kuposerapo, kenako apite kwa wokonza. Thiransifoma ndi mota zimasunga madzi nthawi yaitali kuposa bolodi.

Magetsi akabwera atazima amatha kubwera mwamphamvu, choncho zonse zidutse pa fridge guard yomwe imadikira mphindi zingapo isanatsegule. Ogwiritsa ntchito sola, inverter ikhale ya pure sine wave. Yotchipa ya modified sine imalowetsa kulira kwa zzz m'mawu ndipo imatenthetsa mathiransifoma.

Kulumikiza ndi kuyeza mlingo

Mukufunika interface, kabokosi kolowetsa ndi kutulutsa mawu mu kompyuta, yokhala ndi potulukira pawiri ndi polowera pawiri. Line Out ya interface ipite ku Line In ya deck, Line Out ya deck ibwerere ku ma input a interface atayikidwa pa Line, osati pa Inst. Mawaya ndi a jack yaikulu mbali imodzi, RCA mbali inayo, osapitirira mamita awiri. Ngati interface ili ndi ma output awiri okha, mverani pa mahedifoni, ndipo zimitsani direct monitor ndi monitoring ya track yomwe mukujambulapo. Mukaiwala, mawu amazungulira n'kubwerera mu deck ndipo kulira kwake kumatha kuwononga makutu ndi ma tweeter.

Zida za mu situdiyo zimayendera mlingo wa +4 dBu, womwe ndi mavoti 1.23. Zida za m'nyumba monga deck ndi VCR zimayendera -10 dBV, mavoti 0.316. Kusiyana kwake ndi pafupifupi 12 dB. Ndi chifukwa chake ambiri akalumikiza koyamba amamva kung'ambika konyansa n'kuganiza kuti ndiye kamvekedwe ka tepi. Kumeneko ndi kukomoka kwa polowera pa deck, tepi isanalandire kanthu. Njira yake ndi iyi. Tulutsani kamvekedwe ka 1 kHz pa -18 dBFS mu DAW, pulogalamu yopangira nyimbo monga FL Studio. Ikani deck pa Rec ndi Pause, tembenuzani Rec Level mpaka ma mita onse awiri aime pa 0. Ngati afika pa 0 kachotembenuza kali pansi penipeni, tsitsani output ya interface mpaka kachotembenuzako kaime chapakati. Jambulani masekondi 20, bwezani, sewerani, ndipo sinthani gain ya interface kuti mu DAW muwerenge -18 mbali zonse ziwiri. Lembani malo a zotembenuza pa kapepala komata. Kuyambira pamenepa, kukankha tepi muzikuchitira mu DAW, powonjezera ma dB owerengeka, kuti mawa muthe kubwereza zomwe mwachita lero.

Kupititsa ma drum pa tepi

Tepi ikalandira mawu amphamvu imafika pokhuta. Nsonga zakuthwa za snare ndi clap zimafupika, ma harmonic atsopano amabadwa, makamaka achitatu, ndipo mawu okwera amakhuta msanga kuposa otsika. Zotsatira zake n'zakuti ma drum amamveka onenepa ndi ogwirana pomwe mita ya mu DAW ikuonetsa nsonga zotsikirapo. Mpata umenewo ndi womwe umalola nyimbo kukwezedwa pa mastering osang'ambika.

Mtundu wa tepi umasintha zambiri. Type I, yolembedwa Normal, ndi yomwe yadzaza m'makatoni a anthu. Imakhuta msanga kumwamba, ili ndi hiss (kaphokoso ka sss ka tepi) wochulukirapo, ndipo imakomera kick, snare ndi ma sample a boom bap. Type II, yolembedwa Chrome kapena High, imasunga kuwala ndipo ndi yomwe Portastudio inapangidwira. Mumaizindikira ndi timabowo tiwiri towonjezera pamwamba, pafupi ndi timano toletsa kufufuta. Ngati deck ili ndi batani losankhira mtundu, lifanane ndi tepiyo. Tengani C60, kapena C90 ngati palibe. C120 ndi yopyapyala kwambiri, imatafunidwa. Tepi yakale ya kwaya kapena ya ulaliki imagwira ntchito mukatseka timabowo ta timano ndi selotepi, koma yambani mwaithamangitsa kutsogolo mpaka kumapeto n'kuibweza kuti imasuke, ndipo onani kuti kasiponji ka pansi pa tepi pakati pa kaseti kalipo. Musajambule poyambira penipeni. Pitani mphindi ziwiri kapena zitatu mkati, komwe tepi ndi yosalala ndipo imakokeka mofanana.

Tumizani ma drum onse pamodzi ngati stereo imodzi, osati kick payokha kenako snare payokha, chifukwa ulendo uliwonse tepi imathamanga mosiyana pang'ono ndipo sizidzagwirizananso. Musanatumize dulani zonse za pansi pa 35 Hz, poti kaseti siizisunga, zimangodya malo. Tsitsani hi-hat ndi 2 kapena 3 dB, kapena isiyeni kunja ngati ndi ya trap yothamanga, chifukwa kaseti imaiphwanya n'kuisandutsa phokoso lothovoka. Ikani kakugunda kamodzi kakuthwa, monga rimshot, bar imodzi biti isanayambe, ndi kena bar imodzi itatha.

Jambulani maulendo atatu. Woyamba ma mita azifika pa 0 snare ikagunda, wachiwiri onjezani 3 dB mu DAW, wachitatu onjezani 6 dB. Dziwani kuti mita ya singano ndi yochedwa, siiona nsonga, choncho ikamaloza 0 tepi yalandira kale zoposa pamenepo. Bwezani onse atatu mu DAW pa 24-bit, afananitseni mphamvu, kenako muwayerekeze ndi biti yoyambirira. Kufananitsa mphamvuku musakudumphe, poti khutu limasankha chokwera nthawi zonse. Pa ma drum, wa +3 ndi amene amapambana kawirikawiri. Wa +6 amamveka wokoma masekondi oyamba koma kick imataya nkhonya yake.

Dolby B, batani lochepetsa hiss, muisiye yozima pojambula ndi posewera ngati mukufuna hiss wachibadwa. Biti ikabwerako yakuda kwambiri, yesani kujambula Dolby ili yoyaka n'kusewera ili yozima. Mawu okwera omwe ali pansipansi amakwezeka, ndipo sample yakufa imadzuka, ngakhale hiss amakhalapo ndithu.

Tsopano vuto la nthawi. Pa 90 BPM (kugunda 90 pa mphindi), ma bar 8 amatenga masekondi 21.3. Liwiro likasiyana ndi 0.2 pa 100 pakati pa kujambula ndi kusewera, pothera pake mwaphonya ndi ma millisecond 43, omwe amamveka bwino lomwe pa snare. Apa ndi pomwe timakugunda tiwiri tija timagwira ntchito: lunjikitsani koyamba ndi malo ake, tambasulani kapena fupikitsani fayilo mpaka komaliza kagwerenso pamalo pake. Pa biti yobwerezabwereza ndi bwino kungotenga ma bar 4 kapena 8 abwino n'kuwazungulitsa, kusiyana ndi kupititsa nyimbo yonse ya mphindi zitatu. Deck ya 3 Head imathetsa zonsezi. Ili ndi head yosewera kuseri kwa yojambula, ndiye mukaika batani la Monitor pa Tape mumamva ndi kujambula mu DAW zomwe zangolembedwa pa tepi nthawi yomweyo. Liwiro lojambulira ndi losewerera ndi limodzi, chotsala ndi kuchedwa kochepa kosasintha komwe mumangokankha kamodzi.

Musasakanize ma drum a pa tepi ndi oyambirira theka ndi theka. Kugwedera kwa tepi kumachititsa kuti ziwirizo zizipsinjana n'kumamveka ngati ndege ikudutsa. Sankhani chimodzi.

808 yomveka pa foni

Omvera athu ambiri ali pa foni, pa kasipika ka Bluetooth, kapena pa wailesi ya memory card ya pa njinga ya kabaza. Zonsezi sizitulutsa mawu a pansi penipeni. 808 yoimba G yotsika ili pa 49 Hz, ndipo pa foni palibe chimene chimamveka. Mukaikhutitsa imabala 147 Hz ndi 245 Hz ndi ena okwererapo, ndipo khutu likamva amenewa limadzazira lokha noti ya pansiyo.

Pa ntchito iyi mikisa imaposa kaseti chifukwa siigwedeza nthawi. Tumizani 808 yokha ku channel imodzi ya mikisa pa Line, tsitsani fader, kwezani gain mpaka kanyali ka Peak kayambe kuphethira pa noti iliyonse, kenako kwezani fader mpaka mlingo ubwerere bwino mu interface. Mu DAW dulani zonse za pansi pa 120 Hz pa yobwerayo, dulaninso za pamwamba pa 3 kHz ngati ikukanda, ndipo isakanizeni pansi pa 808 yoyambirira, kuyambira 12 dB kutsika kwake. Lunjikitsani mafayilo awiriwo poyang'anitsitsa mafunde, ndipo yesani kutembenuza polarity: mbali yomwe bezi ikumveka yodzaza ndiyo yolondola. Kwezani pang'onopang'ono uku mukumvera pa sipika ya foni, ndipo lekani pomwe noti zayamba kudziwika.

Chenjezo limodzi pa mamikisa a m'tchalitchi ndi a madisiko: ambiri ali ndi amp mkati. Mabowo olembedwa Speaker Out amatulutsa mavoti makumi angapo ndipo amawotcha interface nthawi yomweyo. Tengani mawu pa Main Out, Rec Out kapena Aux Send. Zimitsaninso batani la 48V, lotumiza magetsi ku maikolofoni, musanalumikize chida chilichonse chomwe si maikolofoni ya condenser.

EQ ya mamikisa aang'ono ambiri ili pa 80 kapena 100 Hz pansi, 2.5 kHz pakati, ndi 10 kapena 12 kHz pamwamba. Ndi yotakata, siidula mwaluso, koma pokweza kick kapena kuwalitsa snare imachita bwino. Graphic EQ ya hi-fi nayo ili ndi ntchito yake yakale: tsitsani ma slider onse a pamwamba pa 250 Hz, sample imatsala bezi yokha. Umu ndi momwe opanga ma biti a m'ma 1990 ankatulutsira bassline mu sample yomweyo, verse ikamayenda pa yodulidwayo, chorus ikafika n'kutsegula yonse.

Mukapeza compressor (chida chopanikiza mawu amphamvu) ya mu rack, monga dbx 266 kapena Alesis 3630, yambirani pa ratio ya 4:1, attack ya ma millisecond 10 mpaka 30 kuti nsonga ya kick idutse, release pafupifupi 100, ndipo mita isonyeze kutsitsa kwa 3 mpaka 6 dB. Pa 90 BPM kugunda kumodzi ndi ma millisecond 667, theka lake 333. Nyali za mita zizikhala zitabwerera kugunda kotsatira kusanafike, apo ayi biti imafooka. Pa mawu a rapper pojambula musapitirire 3:1 ndi 4 dB, chifukwa zomwe mwapanikiza polowa simungazimasulenso.

Sample ya kwathu konkuno

Mbale zakale ndi zosowa kuno, ndipo kutenga nyimbo ya munthu popanda chilolezo kumakugwetsani m'lamulo la Copyright Act la 2016. Za chilolezo mufunse ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo ndi zaluso. Njira yabwino ndi kujambula sample yanuyanu. Chigwachi chili ndi valimba (chida choimbira cha mitengo yomenya chokhala ndi zikho pansi), ng'oma za likhuba ndi utse, bangwe, ndi mawu a Chisena ndi Chimang'anja omwe palibe sample pack ili nawo. Gwirizanani ndi oimba musanayatse makina: malipiro, mayina awo pa nyimbo, ndipo zilembedwe pa pepala. Funsaninso akuluakulu ngati nyimboyo ndi yololedwa kutuluka, poti zina ndi za maliro, za chinamwali kapena za nsembe.

Maikolofoni ya dynamic monga SM57 kapena SM58 ikhale masentimita 40 mpaka 50 pamwamba pa mitengo ya valimba. Ngati muli ndi yachiwiri, iyandikire zikho zapansi zomwe zimanjenjemeretsa mawu. Jambulani m'mamawa: masana malata amathetheka ndi dzuwa, ndipo mu Okutobala nyenje zimalira ndi mawu okwera ofanana ndi a hi-hat, moti simungazichotse ndi EQ osawononga zina. Kunjenjemera kwa zikho kumatha kulasa pa digito. Kaseti ya Type I pa +3 imakufewetsa bwino kwambiri.

Valimba siichunidwa ngati piyano. Octave yake imagawidwa m'masitepe asanu ndi awiri otalikirana pafupifupi mofanana, chilichonse pafupi ndi ma cent 171 (octave ili ndi ma cent 1200), pomwe piyano imayenda ndi 100 kapena 200. Mukaikapo ma chord a keyboard zimamenyana, ndipo mukaikoka ndi Auto-Tune mwapha chomwe munachifunira. Pezani noti yomwe nyimbo imabwererapo, chunani 808 yanu ndi ma cent kuti igwere pamenepo, ndipo lolani valimba yokha inyamule nyimbo.

Kuti sample yatsopano imveke yakale, bwerekani nzeru ya a SP-1200. Pofuna kusunga masekondi awo ochepa ankaseweretsa mbale ya 33 pa liwiro la 45, zomwe zimakweza mawu ndi ma semitone 5 ndi pang'ono, kenako n'kuitsitsa mu sampler. Inu kwezani sample ndi ma cent 500 pa Resample, osati pa Stretch, ijambuleni pa kaseti, ibwezeni, n'kuitsitsa ndi ma cent 500 omwewo. Ngati deck yanu imathera pa 12 kHz, tsopano yathera pa 9 kHz, hiss watsika n'kukhala wokhuthala, ndipo kugwedera kwa tepi kwachedwa n'kumveka kwambiri. Mukafuna zoyera chitani mosemphanitsa: tsitsani musanajambule, kwezani pobwera.

VCR ndi chipinda

VCR yolembedwa Hi-Fi Stereo ili ndi njira ziwiri za mawu. Ya Hi-Fi ndi yoyera kuposa kaseti, imangogwiranitsa biti pang'ono. Ya Normal kapena Mono imalembedwa m'mphepete mwa tepi yoyenda masentimita 2.34 okha pa sekondi, ndipo ndi yakuda, yopapatiza, yabwino pa intro, pa skit kapena pa hook yofuna kumveka ngati ya pa wailesi yakale. Mukaika VCR pa LP liwiro limatsika ndi theka ndipo imaderako. Ikani input pa AV, sankhani njira ya mawu mu menyu posewera, ndipo ngati mawu akudukaduka lowetsani chithunzi chilichonse pa bowo lachikasu, chifukwa makina ena amafuna chithunzi kuti akhazikike. Mufunika TV kuti muone menyuyo.

Reverb yeniyeni, kuwomba kwa mawu m'chipinda, nayo siivuta. Tulutsani snare pa sipika kapena pa amp ya gitala m'kalasi yopanda anthu kapena m'nyumba ya njerwa yosamaliza, ikani maikolofoni mamita 3 kapena 4 kutali itafulatira sipika, jambulani, dulani za pansi pa 200 Hz, sakanizani pang'ono.

Phokoso likavuta

Kulilima kotsika kosasintha ndi 50 Hz ya magetsi, ndipo kawirikawiri kumabwera makina akalumikizidwa pa masoketi osiyana. Ikani onse pa extension imodzi, talikitsani mawaya a mawu ndi mathiransifoma, ndipo pomwe akumana ndi a magetsi adutsane mopingasa. Kukapitirira, ikani DI box kapena kathiransifoma kolekanitsa pa waya wa mawu. Musathyole dzino la earth pa pulagi; nyumba zambiri kuno earth yake ndi yokayikitsa kale, ndipo chitsulo cha mikisa chikhoza kukugwirani. Kulira kokwererapo kwa 100 Hz komwe kulipo ngakhale mawaya onse a mawu atazulidwa ndi ma capacitor akuluakulu a gawo la magetsi omwe auma. Wokonza awasinthe ndi a mlingo womwewo, olembedwa 105°C m'malo mwa 85°C. Kaphokoso kopyapyala kosintha mukagwedeza mouse kamachokera ku chaja ya laputopu, ndiye zulani chaja mujambule pa batire.

Mbali imodzi ikatsika kapena ikamazimazima, pukutani head kaye. Zikapanda kusintha, m'ma deck akale muli switchi yaitali pa bolodi yomwe imakankhidwa mukadina Rec. Ipopereni contact cleaner n'kuikankha maulendo 30 magetsi atazima. Tepi ikamatafunidwa, pinch roller yauma kapena gudumu lokulungira tepi lafooka, ndipo musaikemonso tepi yofunika mpaka zitakonzedwa. Kasikuluwu ka pambali pa head musakakhudze ngati mukujambula ndi kusewera pa deck imodzimodzi. Kamafunika pokhapokha mukutenga mawu pa tepi yojambulidwa kwina: seweretsani mu mono, katembenuzeni pang'onopang'ono kosapitirira kota ya mzungulo mbali iliyonse, imani pomwe mawu okwera awala kwambiri, ndipo mukamaliza kabwezeni pomwe kanali, mutaika chizindikiro ndi pentopeni musanayambe.